Kalata yotseguka: mvula ya kwathu ilembedwe, isungidwe, ndipo itibwerere

Kwa olemekezeka a Nduna oona za chilengedwe ndi kusintha kwa nyengo, a Nduna a zachuma, akuluakulu a nthambi yoona za nyengo, a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo,

Odi kumeneko, akuluakulu. Ine ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito, ndimakhala m'tsinde mwa phiri la Mulanje, mbali ya ku Phalombe, ndipo sindinazolowere kulembera anthu a maudindo ngati anu. Chandilimbitsa mtima ndi mulu wa makope womwe uli m'sutikesi kunsi kwa bedi langa. M'makopemo muli mvula. Zaka zonse zomwe ndinagwira choko ndinalinso ndi kantchito kena komwe sikanatchulidwe pondilemba ntchito: kuwerenga choyezera mvula cha pa sukulu. Chinali chitini chooneka ngati chachabe, chozikidwa pamtetete kuseri kwa ofesi ya ahedi, kutali ndi mitengo ndi madenga, chozunguliridwa ndi kampanda ka nsungwi kuti mbuzi ndi ana a sitandade 1 asachisandutse choseweretsa. M'mawa uliwonse 8 koloko ikakwana ndinkachotsa fanulo, n'kukhuthulira madzi m'kagalasi ka timizere, n'kunyonyomala kuti diso lilingane ndi pomwe madzi alekezera, kenako n'kulemba. Tsiku lomwe sinagwe ndinkalemba 0. Aphunzitsi omwe anandisiyira ntchitoyi anandilangiza chinthu chimodzi chokha: ndisamasiye mpata wosalemba kanthu, chifukwa 0 amasonyeza kuti unapita n'kukapeza mouma, pamene mpata umasonyeza kuti unagonereza.

Patchuthi chapitachi kunabwera mdzukulu wanga yemwe akuphunzira za nyengo ku yunivesite. Atakhala pakhonde anatsegula laputopu yake nati, "Agogo, mvula yanu ija ilinso muno." Anandionetsa mapu a Malawi ogawidwa timabokosi, kalikonse ka makilomita pafupifupi 5 mbali zonse, ndipo m'kabokosi kalikonse muli mvula ya tsiku ndi tsiku kuchokera mu 1981. Nkhokwe imeneyi dzina lake ndi CHIRPS, anaimanga ndi akatswiri a pa yunivesite ya California ku Santa Barbara. Ilipo ina ya TAMSAT ya ku Reading, ku England, yoyambira mu 1983. Ilipo ya ku Ulaya ya ERA5, yobwerera m'mbuyo mpaka 1940, yosunga kutentha, mphepo ndi chinyontho cha dziko lonse lapansi ola ndi ola. Masetilaiti a Landsat akhala akujambula nkhalango zathu kuyambira 1972, ndipo kuchokera mu 2008 zithunzi zake aliyense amatenga ulere. Kwathu kuno munthu akatchula data timadziwa kuti bandulo yamuthera, koma mwanayu akati data akunena zimenezi, manambala osawerengeka a mlengalenga, nthaka ndi madzi. Ndinagoma, ndisaname. Ndinaona ndi maso anga nyanja ya Chilwa ikufota pa zithunzi mpaka kuphwa mu 1995, n'kudzazanso, n'kufotanso mu 2018, zinthu zomwe ife tinkangozimvera pa msika matemba akakwera mtengo.

Koma titaika kope langa pambali pa laputopuyo, zinayamba kusemphana. Masiku a mvula ya mabingu zinkayenderana ndithu, kusiyana kwake pang'ono. Masiku a chiperoni ndiye ayi: kope likuti kunanyowa sabata yonse, makina akuti kunalibe kanthu. Mwanayo anandimasulira chifukwa chake, ndipo ndikupempha kuti nanunso muchimvetse, poti kalata yonseyi yagona pamenepa. Setilaiti yomwe nkhokwe zimenezi zimadalira siona dontho likugwa pansi. Imayeza kuzizira kwa pamwamba pa mitambo. Mtambo wautali wa mabingu umazizira kwambiri kunsonga, ndiye makina amaganizira kuti pansi pake pakugwa mvula yochuluka mwakuti. Mitambo ya chiperoni ndi yotsika, imakwawa m'mapiri a Mulanje ndi Thyolo, kunsonga kwake sikuzizira kwenikweni, choncho kwa diso lakumwambalo ili ngati palibe. Kuti kuganizira kumeneku kuyandikire choonadi, eni nkhokwezo amakuwongola ndi manambala a zoyezera zapansi, zonga chitini changa chija. Kumene zoyezera zili zambiri ndipo zimatumiza malipoti mosadumphitsa, mapu amanena zoona. Kumene zili patalipatali kapena zinaleka kutumiza, mapu amaonekabe okongola, mitundu yake yowala chimodzimodzi, koma m'katimo muli zongopeka. Munthu akamanama amachita chibwibwi, umamugwira. Kompyuta ikamanama sichita chibwibwi.

Mwina muti izi ndi za nkhalamba yokonda chitini chake. Ndiye ndikukumbutseni zomwe zinatigwera mu 2016, zomwe ena mwa inu munaziona muli m'maofesi momwemo. Ulimi wa 2015/16 usanayambe, boma linagula inshuwalansi ya chilala ku bungwe la African Risk Capacity pamtengo wa madola a ku America pafupifupi 5 miliyoni. Ganizo lake linali labwino: chilala chikagwa ndalama zituluke msanga, tisamachite kuyenda ndi mbale kwa abwenzi akunja. Koma woweruza ngati chilala chagwadi sanali munthu woyendera minda. Anali masamu a pa kompyuta otchedwa Africa RiskView, omwe amatenga mvula ya pa setilaiti n'kuiyerekeza ndi madzi omwe chimanga chimafuna pa msinkhu uliwonse. Chilala chinabweradi, cha El Niño, kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific komwe kumasokoneza mvula kuno, ndipo aliyense wa maso anachiona, minda itachita kuti mbuu ngati mwezi wa Ogasiti. Kafukufuku wa m'dziko momwe muno anapeza kuti anthu oposa 6 miliyoni afunika thandizo la chakudya. Kompyuta ija inati okhudzidwa ndi anthu pafupifupi 20,000 basi, ndipo palibe cholipira.

Chinalakwika n'chiyani? M'masamuwo munalowetsedwa zoti alimi a ku Malawi amabzala chimanga chochedwa kucha, cha masiku 120 mpaka 140. Akatswiri a ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR atapita kukafunsa alimi eni ake anapeza kuti ambiri anali atasinthira kale ku mbewu zocha msanga, za masiku 90. Chimanga chotere chimamasula msanga, ndipo ng'amba inachipeza pa nthawi yeniyeni yomwe chimafuna madzi kwambiri. Chimanga cha m'kompyuta chija chinali chidakali ndi mpata wotsitsimuka ndi mvula ya m'mbuyo, moti m'makinamo dziko linakolola pamene m'nkhokwe zathu munali mbewa zokha. Atakonza nambala imodziyo masamu anatembenuka, ndipo madola 8.1 miliyoni anatuluka. Anatuluka mu Januwale 2017, anthu atagulitsa kale mbuzi ndi njinga kuti apeze chigoba cha chimanga. Nambala yolakwikayo sinagwe kuchokera kumwamba, inadutsa m'manja mwa anthu ophunzira bwino. Funso lomwe linakaulula zonse ndi loti mlangizi aliyense wa kumudzi, ngakhale wogulitsa mbewu pa golosale, akanaliyankha pompo ali chiimire. Safunsa anadya phula, ndipo phula limenelo tinadya ndife, osati amene sanafunsewo.

Kusowa kwa manambala athuathu kumatipwetekanso pa bwalo lina. Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana anagumula damu la magetsi la ku Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi, ndipo mdima womwe unatsatira kwa nthawi yoposa chaka tonse tikuukumbukira. Gulu la asayansi la World Weather Attribution, lomwe ntchito yake ndi kufufuza ngati kutentha kwa dziko kwawonjezera ukali wa ngozi inayake, linaunika mvula ya Ana ndi ya anamondwe ena a nyengo imeneyo. Linapeza kuti kusintha kwa nyengo kunakulitsadi mvulayo, koma linalephera kunena kuti ndi mlingo wanji, chifukwa chosowa kaundula wa tsiku ndi tsiku wa zaka zambiri. Ku Mozambique, mwa malo 23 oyezera nyengo m'dera lokhudzidwalo, 4 okha ndi omwe anali ndi mbiri yokwanirako kuchokera mu 1981. Ku Malawi sanapeze malo oti manambala ake awagwiritse ntchito. Mu 2022 momwemo ku Sharm el-Sheikh, ku Egypt, mayiko anagwirizana zokhazikitsa thumba lothandiza pa zomwe zawonongeka ndi kusintha kwa nyengo, ndipo nthumwi zathu zimapita ku misonkhano imeneyi chaka ndi chaka kukadandaula. A Nduna, nonse munakhalapo pa bwalo la amfumu. Wobwera ndi misozi yokha amamumvera chisoni n'kumuuza kuti apite bwino. Mbuzi amapatsa wobwera ndi mboni.

Chowawa n'chakuti mboniyo ilipo. Mvula ya ku Zomba inayamba kulembedwa m'zaka za m'ma 1890. Maesiteti a tiyi ku Mulanje ndi Thyolo, mamishoni, malo a kafukufuku wa zaulimi monga Bvumbwe, Chitedze, Makoka ndi Ngabu, onsewa akhala akulemba kwa mibadwo. Msinkhu wa madzi a nyanja ya Malawi uli ndi mbiri yoyambira mu 1896, ndipo ndi mbiri imeneyi yomwe imatiuza chinthu chomwe achinyamata amakana ukawafotokozera: kuti kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja inatsika moti madzi anasiya kutulukira mu mtsinje wa Shire. Lero magetsi athu ambiri akuchokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, pa mtsinje womwewo. Mu 2016 ndi 2017 madzi atachepa tinagona mumdima. Mu 2024 nyanja yomweyo inakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi madera ena a m'mphepete. Amene amatsegula ndi kutseka zitseko za baraji ya ku Liwonde amakhala pakati pa omira kumtunda ndi omira kumunsi, ndipo chomuthandiza chachikulu ndi kaundula wautali wosonyeza momwe nyanjayi imakhalira pa zaka makumimakumi.

Gawo lina la mbiri imeneyi linalowetsedwa kale m'makompyuta, koma lina likadali pa mapepala, ndipo mapepala ali ndi adani. Ndinapitapo ku ofesi ina, dzina sinditchula, nditanyamula makope anga awiri kukafunsa ngati malipoti omwe ndinkatumiza mwezi ndi mwezi ankafika. Anandilandira bwino, mpando anandipatsa. Kenako mnyamata wina anandilowetsa m'kachipinda ka kuseri kuti tifufuze. Mafayilo anali ataunjikidwa pansi mpaka kufika m'chiuno, omangidwa ndi timaluzi, denga likudontha pakona. Atanyamula mtolo wapamwamba, wapansiwo unangoti fwaa, dothi lokhalokha. Chiswe chinali chitadya mvula ya zaka zingapo. Mnyamatayo anaseka mwamanyazi nati, "Bambo, makina ojambulira tilibe, ndipo ndalama ya zimenezi sibwera." Sindinamuimbe mlandu. Koma mlatho ukakokoloka timamanganso, pamene mvula ya tsiku lina la mu 1958 ikadyedwa ndi chiswe palibe setilaiti yomwe ingabwerere kukaiyeza. Tumizani ophunzira a ku MUST, ku Zomba, ku LUANAR ndi ku Mzuzu patchuthi chimodzi, aliyense ndi foni ya kamera, akajambule tsamba lililonse m'maofesi a zaulimi, m'maesiteti, m'mamishoni ndi m'masukulu, n'kulowetsa manambalawo pamalo amodzi. Sindikhulupirira kuti mtengo wake ungafike pa wa magalimoto ochepa chabe a pa mdipiti wa akuluakulu.

Ndiwonjezepo kanthu kena komwe makopewa anandiphunzitsa. Mtima wa munthu sukumbukira mvula molondola. Pa maliro ndi pa chitsime aliyense amati mvula masiku ano inachepa. Ine ndikamatsegula makope anga sindiona kuchepa kokha ayi. Ndimaona zaka zina zomwe madzi a chaka chonse anali okwanira ndithu, koma anagwa masiku owerengeka, mwaukali, pakati pake n'kukhala ng'amba ya masabata. Kusiyana kumeneku si kwa pa pepala chabe. Ngati madzi achepadi, mankhwala ake ndi mthirira ndi mbewu zopirira. Ngati madziwo alipo koma akubwera tsiku limodzi n'kuthawira ku Chilwa, mankhwala ake ndi kuwakola m'munda momwemo: mizere yotseka, milambala, maenje, kuphimbira nthaka ndi mapesi, manyowa. Dera lililonse lili ndi yankho lake, ndipo popanda kaundula timangopatsa dziko lonse mankhwala amodzi ngati sing'anga wa pa msika.

Tsopano ndifike pomwe pali bala. Namondwe wa Freddy anabadwira kutali, kufupi ndi Australia, kumayambiriro kwa Febuluwale 2023. Anawoloka nyanja yonse yamchere ya India ndipo anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mbiri. Palibe tsiku lomwe anabisala. Masetilaiti anamulondola kuchokera ku Madagascar, kulowa ku Mozambique, kubwerera kunyanja, mpaka kudzalowanso pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. A nthambi yoona za nyengo anachenjeza pa wailesi masiku angapo asanafike, ndipo pamenepo ndikuyamikeni. Ine ndinamva, anansi anga anamva. Ku Nkulambe konkuno ku Phalombe kunagwa mamilimita oposa 1,000 m'masiku 4 okha, ndipo nambala imeneyi tikuidziwa chifukwa panali choyezera chapansi. Tinataya anthu oposa 1,000 tikaphatikiza omwe sanapezeke, oposa 600,000 anasowa pokhala, ndipo katundu wowonongeka anamuwerengera madola oposa 500 miliyoni. Zinatheka bwanji, chikhalirecho tinauzidwa?

Uthengawo unali waukulu ngati chigawo chonse, pamene imfa inadzera m'kakhwawa ka kuseri kwa nyumba. Tinamva kuti kumwera kugwa mvula yamphamvu ndipo madzi asefukira. Munthu wa ku Chilobwe, wokhala m'mbali mwa phiri la Soche, akamva za kusefukira amaganiza za Nsanje ndi Chikwawa. Iye ali pamtunda, athawe chiyani? Wa m'mapiri a ku Chiradzulu chimodzimodzi. Sankadziwa kuti nthaka ya kumtunda kwake yakhuta madzi, mitengo yoigwira inapita kale ku makala, ndipo chomwe chikubwera si madzi okha koma phiri lenilenilo, matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba. Makolo athu anali nalo dzina lake, Napolo. Anadutsa ku Zomba mu Disembala 1946. Anatsika m'phiri la Michesi kuno ku Phalombe mu Malichi 1991 n'kupha anthu mazanamazana, ndipo maliro amenewo ndiwo anabala lamulo la za ngozi la chaka chomwecho, monganso maliro a Freddy anafulumizitsa lamulo latsopano la 2023. Ana a sukulu amaseka nkhani ya chinjoka chotuluka m'phiri kupita kunyanja, nanenso ndinkaiseka ndili mnyamata wa ku koleji. Koma nthanoyo inali kaundula wa makolo. Inkasunga njira zomwe Napolo anadutsa, ndipo agogo ankakaniza kumanga m'njira zimenezo.

Lero tili ndi zida zoposa nthano. Manambala osonyeza kutsetsereka kwa malo alipo. Zithunzi zoonetsa komwe mitengo yatha zilipo. Setilaiti ya Sentinel-1 imaona pansi ngakhale kuli mitambo kapena usiku. Zipsera za Freddy zikuonekabe m'mapiri, zofiira ngati zokanda ndi zala. Kulumikiza zimenezi n'kutulutsa mapu a khwawa ndi khwawa, mudzi ndi mudzi, si ntchito yodikira mzungu. Mapu amenewo ali kuti? Ngati alipo, bwanji a gulupu a kwathu sanawaonepo? Bwanji sanakhomedwe pakhoma la sukulu ndi la tchalitchi, pomwe komiti ya za ngozi ya m'mudzi ingaloze chala n'kunena kuti mvula ikagwa masiku awiri osalekeza, mabanja a mzere uwu agone ku sukulu? Ndikulemba pano anthu ena akuumbanso njerwa pamalo pomwe matope anadutsa, osati chifukwa cha makani, koma palibe wawalozera kwina.

Kubweza uthenga kwa eni ake kukukhudzanso ulimi wa chaka ndi chaka. Dzinja lisanayambe timamva ulosi woti madera akutiakuti alandira mvula ya mlingo wake kapena yocheperapo. Mayi wa khasu sangabzale mawu amenewo. Iye akufuna adziwe ngati yagwa dzuloyi ndi yobzalira kapena ndi chizimalupsa chonyenga, ngati mu Januwale mudzakhala ng'amba yaitali, ngati chaka chino n'chanzeru kuchepetsa chimanga n'kuonjezera nandolo, mapira kapena mbatata. Mu 2023 za El Niño zinadziwika miyezi ingapo khasu lisanalowe m'munda, komabe ambiri anabzala monga mwa masiku onse, feteleza wa ngongole n'kupsera m'nthaka youma, ndipo mu Malichi 2024 maboma 23 mwa 28 analengezedwa kuti ali pa ngozi. Njira yabwino ilipo kale ndipo yayesedwa konkuno. Pa ndondomeko ya PICSA mlangizi amakhala pansi ndi alimi n'kuwaonetsa pa pepala mvula ya zaka zambiri ya pa siteshoni ya kufupi ndi kwawo, iwo eni n'kumawerenga kuti mwa zaka 10 ndi zingati zomwe mvula inachedwa kuyamba, ndi zingati zomwe inakwanira mbewu yakuti. Ndinakhalapo pa msonkhano wotere pansi pa mtengo wa mango. Mayi wina yemwe sukulu sanapite nayo patali anayang'anitsitsa pepalalo, n'kuloza pomwe mzere unatsikira pansi, pa 1992, nati, "Apa ndi chaka cha chimanga chachikasu chija." Bwalo lonse linati zii, kenako aliyense anayamba kufunafuna chaka chake. Anthu athu manambala amawamva bwino lomwe akakhala a kwawo. Vuto n'lakuti siteshoni yomwe amati ya kufupi nthawi zina imakhala tsidya lina la phiri, komwe mvula yake ndi ina.

A Nduna a zachuma, chigawo ichi ndi chanu. Zida zambiri zamakono zomwe tili nazo, masiteshoni odziyezera okha, zoyezera msinkhu wa mitsinje, zoyandama pa nyanja zothandiza kuchenjeza asodzi za mwera, zinabwera ndi mapulojekiti monga M-CLIMES ya ndalama za Green Climate Fund. Tikuthokoza. Koma pulojekiti ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Ikatha, batire ikafa, sola ikabedwa, kakhadi kotumizira manambala kakatha mayunitsi, udzu ukakwirira mpanda, amapitako ndani? Siteshoni ikafa siilira maliro. Imangosiya mpata m'kaundula, mpata womwe uja aphunzitsi anga anandiletsa. Tisadalirenso kuti nkhokwe zakunja zidzakhala zotsegula mpaka muyaya. Kumayambiriro kwa 2025 boma la America litaimitsa thandizo lake lakunja, ntchito ya FEWS NET, yomwe kuyambira 1985 yakhala ikuchenjeza za njala ndipo mabungwe ambiri amaidalira, inangoti zii kwa miyezi ingapo. Inabwereranso, inde, koma fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Ndikupempha kuti mu bajeti ya dziko mukhale mzere wakewake wosasunthika, wa mafuta oyendera masiteshoni, wa mabatire, wa anthu okonza zida, ndi kangachepe ka owerenga mvula a m'midzi. Ine ndinawerenga ulere ndipo sindidandaula. Koma wachinyamata wa lero, woti kope ndi cholembera agule yekha, mayunitsi otumizira lipoti agulenso yekha, sapirira nthawi yaitali. Aphungu, mukamakambirana bajetiyo kafunseni kuti mwa zoyezera za m'dera lanu ndi zingati zomwe zinatumiza lipoti mwezi wathawu.

Chatsala ndi makiyi. Mdzukulu wanga uja amatha kutenga mvula ya zaka zoposa 40 kuchokera ku California ali khale pakhonde langa, koma manambala a zoyezera za konkuno amafuna kalata, chidindo, kudikira, mwinanso ndalama. Ndikumvetsa kuti nthambi yosowa ndalama imafunafuna popumira. Koma manambalawa analipiridwa kale ndi msonkho ndi mawondo a anthu ngati ine. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo mvula si chinsinsi cha asilikali. Komanso manambala athu ali mbali ndi mbali: a mvula ku nthambi ya zanyengo, a mitsinje ku National Water Resources Authority, a zokolola ku unduna wa zaulimi, a malungo ndi kolera ku zaumoyo, a nkhalango kwinanso. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700, sunafunse kuti ndi wa unduna uti, unangotsata madzi. Tili ndi achinyamata odziwa kulumikiza zinthu zoterezi, ena ochokera ku MUST, ena ku African Drone and Data Academy, sukulu ya madroni ndi manambala yomwe inatsegulidwa mu 2020. Ena mwa iwo angokhala pakhomo ndi mapepala awo. Atsegulireni, ndipo mukatsegula mulole kuti akakupezani ndi cholakwika anene poyera, monga ananenera a LUANAR aja.

Chitini chija chikadalipo pa sukulu. Kagalasi kake kanasweka chaka cha Freddy ndipo kena sikanabwere, moti mphunzitsi yemwe analowa m'malo mwanga amangovundukula m'mawa, kuyang'ana madziwo, n'kuwataya. Makope anga ndawakulunga m'pulasitiki, ndipo sutikesi ndimaikweza pa njerwa kuopa chiswe. Ine ndakula, ndipo ndikudziwa kuti tsiku logawana katundu wanga makope amenewa adzayatsira mbaula. Tumizani munthu adzawajambule dzinja lisanafike, chifukwa mvula ikayamba msewu wa kwathu galimoto silowa. Akamabwera atengeko kagalasi kamodzi.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wopuma pa ntchito, Phalombe